Mabuku Asanu ndi Anayi Omwe Sanalembedwepo

Ine Reinford Kamphinda ndinayamba ndi kugulitsa mabatire a tochi m'mbali mwa msewu ku Limbe. Lero malole anga asanu ndi limodzi amanyamuka ku Mombasa kukatsitsa katundu ku Kanengo. Ku Dubai ndinafikako, ku Guangzhou ndinadyako nsomba zosadziwika dzina. Koma chimene ndimadziguguda nacho pachifuwa ndi ichi: mu Nairobi monse, ndine ndekha amene ndinapeza mkazi pofunafuna mabuku omwe kulibe!

Linali Lachiwiri. Ndinalowa m'sitolo yaikulu ya mabuku, ya nthambi mpaka ku Rongai ndi ku Kitengela, kudzagula mapu a misewu. Ndili pa tebulo lothandizira makasitomala, foni inalira, ndipo ndinakalipira dalaivala wanga m'Chichewa chifukwa cha tayala lophulika.

Mtsikana wa pa kompyuta anamwetulira. "Mwaswera bwanji, achimwene? Musamukalipire choncho, tayala limaphulika lokha."

Mayo ine! Chichewa cha ku Ntcheu pakati pa Nairobi! Dzina lake Deliwe, wophunzira pa yunivesite. Ntchitoyi ndi imene inkamusunga m'kachipinda kake ku Pangani.

Mapu anawapeza m'mphindi imodzi. Kodi munthu angafunsire mbeta m'mphindi imodzi? Koma ndinaona kagwiridwe kawo ka ntchito. Buku likapezeka, amakulozera shelefu, basi kazipita. Likasowa, amalemba nambala yako, amaimbira nthambi zonse, kenako amakutumizira uthenga.

Mawa lake ndinabwerera nditavala suti ya ku Istanbul.

"Achemwali, ndikufuna buku lotchedwa Kuweta Ngamila M'nyumba Zosanja. Analemba pulofesa wina wa ku Norway."

Anagogoda kompyuta, nakwinya nkhope. "Silikuoneka. Mungandipatse nambala yanu?"

Ndinaitchula pang'onopang'ono ngati vesi loloweza.

Sabata ndi sabata ndinkabwera ndi mutu watsopano. Mbiri ya Maambulera ku Somalia. Matenda a Mtima a Nkhuku Zoikira. Mauthenga a "Pepani, sitinalipeze" anasanduka "Mwadya kale?" Ine ndinkayankha kuti, "Deli wanga, shuga wa m'tiyi wanga, ndikakuona ndimakhuta." Tsiku lina tikudya chipisi ndinamugwira dzanja.

"Ndikulonjeza, duwa langa, sindidzakunamiza, ngakhale pa kanthu kochepa ngati kambewu ka mchere."

Nanga ngamila zija? Ndinkati n'zamasewera chabe.

Mutu wachisanu ndi chinayi utadutsa, Deliwe anandiimbira akulira.

"A Reinford, ntchito ikutha. Buku lililonse limene ndalephera kupeza, kompyuta imalemba pa dzina langa. Madamu Lorna, abwana athu, akuti asanu ndi anayi n'ngambiri, sinditha kusaka. Chonsecho tsiku langa lopuma ndinakwera minibasi zija amati matatu mpaka ku Rongai kukafukula makatoni chifukwa cha ngamila zanu! Tandiuzani, munaliona kuti bukulo?"

Ndinangonena zoona. "Deli... mabukuwo kulibe. Ndinkawapeka m'galimoto, kuti ndizikuona."

Anadula foni. Kenako uthenga unalowa: "Mchere uja wakwana thumba. Musandiimbirenso."

Masiku atatu sindinadye bwino. Ine, munthu amene ndinakanganapo ndi akasitomu a m'malire a mayiko asanu osaphethira! Tsiku lachinayi ndinapita kusitolo, ndinaima pakati pa mzere wa makasitomala, n'kufuula kuti ndikufuna abwana.

Madamu Lorna anatuluka, magalasi ali pamphuno. Ndinaulula zonse m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili chothyokathyoka, mutu uliwonse ndi malo amene ndinaupekera. Nditafika pa nkhuku za matenda a mtima, mlonda wa pakhomo anagwira khoma ndi kuseka.

"Ndiye kuti pulofesa wa ku Norway ndinu?" anafunsa madamuwo. Anapukusa mutu, nakafufuta zonse pa dzina la Deliwe.

Ntchito inapulumuka. Koma mwini wake sanandiyang'ane n'komwe.

"Deli, ndikugulire chiyani? Foni? Ulendo wa ku Zanzibar?"

"Sungani, bambo," anatero akugogoda kompyuta. "Munandibera nthawi. Kuimba, kusaka, matatu a ku Rongai: maola makumi awiri ndi atatu. Bwezani amenewo."

Munali mu Januwale, makolo atadzaza m'sitolo ndi mindandanda ya mabuku a sukulu. Kuti ndibweze maolawo, Madamu Lorna anandiveka epuloni yobiriwira yosafika pamimba. Loweruka atatu otsatizana ndinasenza makatoni, ndikuperekeza makolo kumashelefu. Mayi wina anandiuza kuti, "Ndikufuna buku lija lofiira, la masamu kapena la Baibulo, mwana waiwala." Ndinasaka ola lathunthu thukuta lili kamukamu. Litapezeka linali lachikasu! Pamenepo m'pamene ndinamva chimene ndinamuchita mwana wa eni.

Loweruka lomaliza, dzuwa likupendeka, ndinatsitsa katoni yotsiriza. Ndinapita pa tebulo lake, ndinagwada, n'kutulutsa mphete m'thumba la epuloni.

"Deliwe, mtima wanga, kodi ungalole..."

Anakweza dzanja, maso pa wotchi. "Kwatsala mphindi zinayi."

Ndinakhala chogwada. Bondo linkalira, makolo anasiya mindandanda n'kutizungulira, mlonda akuwerenga mphindizo mokweza. Mwana wina anandifunsa kumene kuli makrayoni, ndinamulozera ndili pansi pomwepo.

Kenako Deliwe anavula wotchi, naiika pa tebulo. Misozi inali m'maso, koma pakamwa pankanjenjemera ndi kuseka.

"Maola makumi awiri ndi atatu, akwana ndendende," anatero, akutambasula chala. "Tsopano funsani bwinobwino, a pulofesa."