Ukonde Wokula Nawo

Tupochele ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuvuula nsomba yekha.

Tupochele ankakhala ku Clondalkin, kudziko la kutsidya kwa nyanja. Pafupi ndi kwawo panali ngalande yaikulu ya madzi. Loweruka lililonse ankapita kumeneko ndi bambo ake, a Useni. Bambo ankaponya mbedza. Tupochele ankagwira ukonde. Unali ukonde wampini, wovuulira nsomba ikakodwa. Koma unali wolemera. Nthawi zonse bambo ankachita kumugwirirako.

Tsiku lina nsomba inakodwa. Bambo anaikokera pafupi. Tupochele anamiza ukonde m'madzi. Nsomba inalowa. Koma ukondewo unali wakale. Unang'ambika, kwee! Nsomba inatulukira pachibowo, osatsanzika n'komwe.

Tupochele anakhumudwa kwambiri.

"Usalire, Tupo," anatero bambo. "Tikagula wina."

Tsono a Useni anali ndi khalidwe lawo. Sankagula chinthu chomukwana mwana. Kwawo ku Balaka anakula choncho, ndipo khalidwelo anakwera nalo ndege.

Jekete la Tupochele linkafika m'mawondo. Manja ake sankaoneka.

"Udzakula nalo," ankatero bambo.

Chipewa chake chinkatseka maso.

"Udzakula nacho."

Jombo zake zinkalira poyenda, khwepe, khwepe, khwepe.

"Udzakula nazo. Mwana sachedwa kukula."

Tsiku logula ukonde linafika. Anakwera basi. Tupochele anakhala pawindo. Mtima wake sunali m'malo. Bambo akewo ankawadziwa bwino.

Anafika pasitolo ya zowedzera. Wogulitsa anali Mayi Miriam. Pakhoma panali maukonde ambiri. Ena aang'ono. Ena apakati. Ena aakulu.

Mukuganiza kuti a Useni analoza uti?

Analoza waukulu koposa onse. Mpini wake unali kugunda kudenga. Mkati mwake Tupochele akanakwanamo, jombo ndi chipewa chomwe.

"Uwu ndiye ukonde!" anatero bambo.

"Adadi, wakula kwambiri," anatero Tupochele.

"Udzakula nawo."

Tupochele anayang'ana ukondewo. Anachita mantha. Akagula umenewu, ntchito yake yatha. Bambo azidzaponya mbedza okha. Azidzavuulanso okha. Iye azidzangoima pambali ngati mtengo.

Anaganiza. Anaganizanso. Kenako anagwedeza mwendo. Jombo inavuka yokha, osavuta. Ubwino wa jombo yaikulu ndi umenewo.

Anaika jombo pansi.

"Adadi, iyi ndi nsomba," anatero. "Yakodwa. Ndiyese kuivuula."

"Yesa tione," anatero bambo.

Tupochele anagwira mpini. Zala zake sizinakumane. Anakankha ukonde. Jombo inalowa. Ananyamula. Ukonde sunanyamuke. Ananyamulanso. Ukonde unadzuka pang'ono, n'kupendama. Jombo inagwa, phi!

"Nsomba yathawa," anatero Tupochele.

Mayi Miriam anabisa kuseka ndi dzanja.

"Zaka zikubwerazi udzaunyamula," anatero bambo.

"Adadi," anatero Tupochele motsitsa mawu, "nsomba siidikira kuti ndikule. Ine ndikufuna kuvuula Loweruka lino."

Bambo anayang'ana jombo. Anayang'ana mwana wawo ataima ndi mwendo umodzi. Anakanda mutu.

"Ndamva, mwanawe," anatero. "Koma waung'ono ndiye ayi. Chaka chamawa udzakuchepera. Tidzabwerenso kudzagula wina?"

Apa zinavuta. Waukulu, Tupochele sakuutha. Waung'ono, bambo sakuufuna.

Tupochele anavala jombo yake. Anayenda m'mbali mwa khoma, khwepe, khwepe, khwepe. Anagwira ukonde wofiira. Ulusi wake unali wokanda.

"Uwu upweteka nsomba," anatero.

Anagwira ukonde wakuda. Maso a ukondewo anali aakulu.

"Umu nsomba idutsa."

Kenako anaona ukonde wobiriwira. Unali pakona, pansi penipeni. Munthu wamtali sakanauona. Tupochele anaukhudza. Unali wamphira, wofewa. Anaunyamula. Unali wopepuka. Mpini wake unali waufupi, ndipo zala zake zinakumana.

Anagwedezanso mwendo. Jombo inavukanso. Anakankha ukonde. Jombo inalowa. Ananyamula. Jombo inakwera m'mwamba!

"Ndavuula, Adadi! Ndavuula!"

"Wavuuladi," anatero bambo. "Koma taona kufupika kwa mpiniwo."

Tupochele anayang'ana mpini. Pakati pake panali kabatani. Kabatani n'kachiyani? Anakadina. Anakoka. Mpini unatalika! Anakokanso. Unatalikanso, mpaka kufika paphewa pa bambo.

Mayi Miriam anawafotokozera m'Chingerezi. Anati mpiniwo ndi wotero. Umafupika, umatalika. Anatinso mphira siikanda mamba a nsomba.

Bambo anautenga. Anaufupikitsa. Anautalikitsa. Anaufupikitsanso. Ankasewera nawo ngati mwana.

"Mwaona, Adadi?" anatero Tupochele. "Lero ndi waufupi ngati ine. Ndikakula, nawonso ukula."

Bambo anaseka mpaka misozi.

"Wandipeza, Tupo. Uwu ndiye wokula nawo weniweni."

Loweruka linafika. Kunja kunkawaza kamvula. Madzi a m'ngalande anali bata. Abakha ankadutsa pang'onopang'ono.

Bambo anagwada pamaso pa Tupochele. Anapinda manja a jekete lake. Anapinda kawiri, anapinda katatu. Manja a Tupochele anaoneka. Anamukankhiranso chipewa kumbuyo. Maso anaoneka.

"Wogwira ntchito azioneka manja," anatero.

Bambo anaponya mbedza. Anadikira. Tupochele anadikira. Abakha anapita, anabweranso.

Kenako chingwe chinagwedera.

"Yakodwa! Konzeka, Tupo!"

Bambo anakoka pang'onopang'ono. Tupochele anamiza ukonde m'madzi. Mtima unkagunda, di, di, di.

"Ndikugwirireko?" anafunsa bambo.

"Ayi, Adadi. Ndekha."

Nsomba inabwera. Inakhota. Inabweranso. Inalowa! Tupochele ananyamula. Ukonde unanyamuka. Sunang'ambike. Sunapendame.

"Ndavuula ndekha!" anafuula.

Iyi sinali jombo. Inali nsomba yeniyeni. Kanali kansomba kakang'ono, konyezimira, ka zipsepse zofiira. Tupochele anasangalala kwambiri. Bambo anasangalala kuposa iye.

Bambo ananyowetsa manja. Anachotsa mbedza mosamala. Nsomba za m'ngalandemo ankazibweza m'madzi. Ankatero nthawi zonse, ngakhale bambo ankadandaula.

"Kwathu akamva kuti ndikubweza ndiwo m'madzi, andiseka," anatero.

Tupochele anatsitsa ukonde. Kansomba kanaima pang'ono. Kanagwedeza mchira. Kenako kanapita.

Bambo anakaperekeza ndi maso. Anayang'ana ngalande, uku ndi uku. Anapukusa mutu.

"Kansomba kakang'ono chonchija," anatero. "Ngalande yaikulu chonchi. Sikasochera?"

Tupochele anagwira dzanja la bambo ake.

"Musadandaule, Adadi," anatero. "Kadzakula nayo."