Dziko la Kamphepo pa Thabwa

Kamphepo anali ndi dziko lake. Dzikolo linali m'mutu mwake. Ankafuna kuti mlongo wake wamng'ono aliwone.

Mlongo wakeyo ankatchedwa Chule, chifukwa ankakonda kudumpha. Tsiku lina anadumpha moyipa. Mwendo unathyoka. Adokotala anamumanga chikhakha.

Tsopano Chule ankangogona. Sankadumpha. Sankaseka. Ankangoyang'ana khoma.

Kamphepo anamva chisoni kwambiri. Anafuna kuti Chule asekenso. Anamuuza za dziko lake. Anati ndi lokongola. Anati ndi lochititsa kaso. Anati ndi lozizwitsa.

"Sindikuwona kanthu, achemwali," anatero Chule. "Ndikuwona khoma basi."

Koma abale! Kamphepo mutu unayima. Mawu onse aja anali akuluakulu. Anawaphunzira kusukulu. Nanga vuto linali pati?

Bambo awo ankajambula zikwangwani za masitolo. Ankagwirira ntchito kuseri kwa nyumba. Kamphepo anathamangira komweko. Anawapempha kuti amujambulire dziko lake. Bambo anati thabwa latsala limodzi lokha. Penti nayenso watsala pang'ono.

"Ndijambule chiyani?" anafunsa Bambo.

"Chokongola, Ababa."

Bambo anadzikanda m'mutu. Anatenga choko. Anajambula mutu wometa bwino. Pajatu ometa tsitsi akati chokongola, amafuna chimenecho.

Kamphepo anakana. Anati iye akufuna chozizwitsa.

Bambo anadzikandanso m'mutu. Anajambula chinsapato chachikulu. Pajatu ogulitsa nsapato akati chozizwitsa, amafuna chimenecho.

Kamphepo anayang'ana mutu. Anayang'ana nsapato. Anayang'ananso mutu. Dziko lake silinalipo. Misozi inalengeza m'maso.

Bambo nawonso anasokonezeka. Anatsegula zitini zawo zonse.

"Taona, mwana wanga. Uyu ndi penti wofiira. Uyu ndi wachikasu. Uyu ndi wobiriwira. Uyu ndi woyera. Penti wozizwitsa ine ndilibe."

Kenako anafufuta za choko zija. Anamufunsa mafunso amene amafunsa aliyense wofuna chikwangwani. Ndi chiyani? Ndi cha mtundu wanji? Ndi chachikulu bwanji?

Kamphepo anatsinzina. Poyamba sanawone kanthu. Anatsinzina kwambiri.

"Kuli mtsinje," anatero chapansipansi. "Ndi wachikasu."

Bambo anadabwa. Mtsinje wachikasu? Koma anaviika bulashi. Anajambula mtsinje wachikasu.

Kamphepo anatsinzinanso. Anati kuli mitengo yofiira. Ndi yayifupi ngati tebulo. Imabereka maambulera.

Bambo anadabwa. Maambulera? Koma anajambula mitengo yofiira.

Kamphepo anati kuli nsomba zoyera. Ndi zazikulu ngati pilo. Zimawuluka pamwamba pa mitengo.

Bambo anang'ung'udza kuti nsomba siziwuluka. Chibadwire chawo sanaziwonepo. Koma anajambulabe nsomba zoyera.

Pomaliza Kamphepo anati kuli phiri lobiriwira. Phirilo lili ndi chitseko chaching'ono. Bambo anakokota chitini. Penti anangokwanira.

Ananyamula thabwa awiriwiri. Analiyimika pakhoma, kutsogolo kwa Chule.

Chule anayang'ana mtsinje. Anayang'ana mitengo. Anayang'ana nsomba. Anayang'anitsitsa phiri. Kamphepo anachita mantha. Kodi sakuwonabe?

"Achemwali, kuseri kwa chitsekocho kuli chiyani?"

Ogo! Kamphepo sanadziwe. Dzikolo linali lake ndithu. Koma chitsekocho anali asanachitsegulepo. Anayang'ana Bambo. Bambo nawonso sanadziwe.

Chule anadzuka pang'ono. Anatsamira pilo. Anatsinzina.

"Ine ndikudziwa," anatero. "Kuli galu. Ndi wobiriwira. Ndi wamkulu ngati basi. Wavala masokosi ofiira."

Bambo anapepesa. Anati penti watheratu. Galuyo sangathe kumujambula.

"Musavutike, Ababa. Ndikumuwona kale. Akunyambita mphuno yanu," anatero Chule.

Bambo anagwira mphuno yawo msangamsanga. Chala chinali ndi penti. Mphuno yonse inasanduka yobiriwira.

Chule anaseka. Anaseka mpaka bedi linagwedezeka. Kamphepo naye anaseka. Mayi anabwera chothamanga, kudzafunsa amene akuseka chonchi.