Abusa Kumapeto kwa Mzere

Norah anafika kutchalitchi ndi nkhata yopindiratu m'manja. Chaka chimenecho ufa unasowa m'komboni yonse ya Chawama, mafakitale ankatsekedwa, ndipo kwawo anali atagonera phala lamadzimadzi sabata yonse. Koma tsiku limenelo mtima wake unali m'malo. Mpingo unalandira matumba a ufa woti ugawidwe, ndipo mwambo unali wodziwika: thumba loyamba limapita kunyumba ya abusa. Abusawo anali bambo ake, a Josiah Tembo.

Pabwalo panali chipwirikiti. Amayi ankakankhana ndi mabeseni, wina akukuwa kuti amupondera mwana. Norah anasuzumira mkati. Mpando wa bambo ake unali wopanda munthu. Anazungulira kuseri, ndipo kumeneko anapeza zomwe sankafuna: a Moven, mkulu wa mpingo, akulowetsa matumba m'chipinda cha kwaya n'kuwafunditsa nsalu ya patebulo.

"Aya ni ya ba komiti," a Moven anamunong'oneza. "Yanu iliko. Manje ba pastor bali kuti?"

Funso limenelo linamusautsa Norah. Kodi athawa phokoso? Anatsata mzere wonse, kudutsa pampopi mpaka pamsewu. Kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa mayi wina wamasiye, kunali bambo ake, beseni la kunyumba lili kukhwapa.

"Dadi, muchita chani kuno? Unga uzasila!" anatero Norah akuloza kumene ankagawira ufa, misozi ya mkwiyo ili pafupi.

"Ukasila, nizaziba kuti bantu banga bagona bwanji lelo," anayankha. "Unabelengako za Nehemiya? Anali bwanamkubwa, koma sanadye chakudya cha bwanamkubwa pamene bantu benzo vutika."

Norah sanakondwe nazo. Nehemiyayo analibe mng'ono wolira njala usiku uliwonse. Komabe anaima pomwepo, kufuna kuona kuti zitha bwanji.

Sipanapite nthawi a Moven anafika thukuta lili kamukamu. "Ba pastor, bwelani kusogolo! Unga siuzafika kuno."

"Pimani chabe, ba Moven. Ine nizatenga pamene laini izafika."

Anthu anamva zimenezo ndipo anayamba kutembenuka. Amene ankakankhana anachita manyazi, mzere n'kuwongoka wokha. A Moven anakanda mutu. Akomiti angadye bwanji nsima abusa atapita ndi beseni lopanda kanthu, Chawama yense akuona? Anabwerera mwakachetechete, ndipo posakhalitsa matumba aja anayamba kutuluka m'chipinda cha kwaya limodzilimodzi, eni ake akuyang'ana pansi ngati ataya singano.

Dzuwa litapendeka, mayi wamasiye uja analandira muyeso wake wodzaza. Abusa atafika patebulo panangotsala zokung'untha m'matumba, ufa wosakwana ngakhale theka la beseni. A Moven anafuna kuitana mayi uja kuti achepetseko wake, koma abusa anapukusa mutu.

Norah anayang'ana kaufako, kenako anayang'ana bwalo. Panalibe amene ankapita chimanjamanja. Mkwiyo uja unasungunuka, ndipo m'malo mwake anamva kunyada.

"Leta, nizanyamula ine," anatero bambo ake.

"Iyayi, dadi. Ni nchito yanga."

Norah anaika nkhata ija pamutu, ngakhale katunduyo sankafuna nkhata, n'kusenza besenilo. Anadutsa nalo pakati pa msewu, khosi lili chilili.