Wondiyang'anira Kunja

Dokotala wina wa mano amene anthu ankamuseka kuti Kaputeni anachoka ku bwalo la ndege kutada kale. Galimoto yake inakana kulira. Anamenya chiwongolero ngati yalakwa ndi galimotoyo, kenako n'kuuyamba wapansi.

Anali atatopa. Tsiku lonse kuzula mano a anthu, madzulo n'kukazunguza kandege kake m'mwamba. Chimene ankaphunzira ndi kutera osaona pansi. Munthu umavala chipewa chokutchinga maso kuti uziona mawotchi a kutsogolo kwako okha, n'kumatsika motsatira singano zake, ngati tsiku la nkhungu. Pambali pako pamayenera kukhala mnzako wodziwa ndege, woyang'ana kunja, woti akuuze ukamalunjika pa mtengo. Lamulo lake ndi lomwelo basi, ngakhale mwana angalimve. Koma amuna akagula chidole chodula, makutu amagontha.

Madzulo amenewo singano zinkangomuthawa Kaputeni, ndipo mayeso anali pafupi. Mnzake womuyang'anira kunja anati mawa sabwera, aperekeza mkazi wake kuchipatala. Kaputeni anangoti chabwino, koma mumtima anali atamanga kale mfundo: m'mawa auluka yekha, chipewa kumaso. Adziwa ndani? Za mkazi wake amene ankamudikira kunyumba ndi khanda sanaziganize n'komwe.

Njira yachidule imadutsa kumapeto kwa bwalo, pamene mizati ya nyali zolondolera ndege yandanda m'tchire. Nyalizo zinali zozima. Udzu unali wonyowa, nsapato zinkalemera.

Anamva munthu akung'ung'udza manambala, kuwerenga chotsitsa.

Anaima.

Pakati pa mizatiyo pankabwera mwamuna, pang'onopang'ono, manja ali kutsogolo ngati wagwira chiwongolero. Kumutu... chipewa chotchinga maso!

"Achimwene," anatero munthuyo ndi mawu otopa, "tandiyang'anireniko kunja."

Kaputeni anaganiza kuti ndi anzake a pabwalo akumuselewula. "Vulani chimenecho, bambo. Mugwa."

"Sindingavule, sindinatere. Singano zili pakati bwinobwino. Kutsogoloku kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu."

"Mitengo ija anadula?"

Kaputeni anayang'ana. Zitsa zokhazokha. Zakale, zofumbwa, zomera bowa. Mphuno zake zinagwira fungo la mafuta a ndege. Ndi la chinthu chopserera.

Anatsitsa maso. Udzu sunkapindika. Mapazi a munthuyo anali m'malere, chikhatho chimodzi kuchoka pansi. Ankatsika... ankatsika... osafika.

"Ndiye ndikazungulirenso," anatero munthuyo, n'kupuma mozama. Chipewa chija chinatembenukira kwa Kaputeni. "Inu mubwera m'mawa eti? Bola. Tidzakhala awiri, tizidzayang'anirana."

Kaputeni analiyatsa liwiro. Anagwa. Anadzuka. Waya wa mpanda anam'ng'amba malaya, sanamve. Kutsidya kwa msewu kunali nyumba imodzi yoyaka nyali. Anagogoda ndi manja onse awiri.

Anatsegula mayi wa imvi, sopo ali m'manja, nkhope ya munthu amene wadzutsidwa kambirimbiri pa nkhani imodzi.

"Musandiuze," anatero mayiyo. "Wachipewa."

Kaputeni anangogwedeza mutu.

"Ndi mwamuna wanga ameneyo. Tinamuika m'manda mwana wathu womaliza asanayambe kuyenda. Lero mwanayo ali ndi ndevu."

Kaputeni anakhala pansi pakhonde.

"Mnzake anachedwa kubwera," mayiyo anapitiriza. "Ine ndinati, bambo ake, dikirani. Iye amvekere, mkazi adziwa chiyani za ndege? Phokoso la ndege yake ikuwomba mitengo ndinalimva ndili kuchapa matewera kuseri uko. Ali moyo sanafune womuyang'anira, lero akupempha aliyense wodutsa. Ndipo aliyense akathawa amathawira pakhomo panga, ngati ndine ndinamutuma. Ndatopa nanu anthu inu."

Anapukuta manja pa siketi, n'kumuyang'anitsitsa. Maso ake anaima pa chikwama cha Kaputeni, pamene pankalendewera chipewa chake.

"Ndinu dokotala wa mano uja. Wakuuzani chiyani?"

"Akuti... m'mawa tidzakhala awiri."



"Ena onse amangowafunsa za mitengo," anatero mayiyo. "Muli pa banja?"

"Eya, mayi. Ndi khanda."

"Ndiye nyamukani pakhonde langa mukagone. Mawa muzule mano. Mnzanuyo akadzapezeka mudzauluke, kaya mudzatere, kaya chiyani. Ine wamasiye wina woti ndizikamutonthoza sindikumufuna."

Anatseka chitseko, nazimitsa nyali.