Waya Wopita ku Nthochi

Tamupeza, mana. Tamupeza Gelson, ali pano, akuyamwa. Musaimbe foni, ingomverani zimene ndikujambulazi. Ndikunong'ona dala. Mawondo ake ali matope okhaokha, kadzanja kakununkha dzimbiri, koma thupi silikutentha. Ndamugwira pamphumi kasanu konse.

Dikirani ndipume kaye.

Mana Fátima, mkulu wanga, chikwatiwireni kutsidya kwa malire ku Muloza, zambiri za pakhomo pano simuzidziwa. Ndiyambire pa bokosi.

Bambo a Dulce, alamu anu a Arsénio, mukudziwa kuti amaimba gitala kutchalitchi. Chaka chino anapanga okha bokosi lokuzira mawu. Matabwa anapala okha. Sipika anachotsa mu minibasi yakufa. Zam'kati zinachokera mu wailesi yakalekale ya azungu a tiyi. Muli timabotolo tinayi tagalasi, iwo amati mavavula. Akayatsa timafiira pang'onopang'ono ngati makala, ndiye udikire titenthe kuti mawu atuluke.

Loweruka likubwerali akaimba pa ukwati wa msuweni wawo. Koma bokosilo linali ndi matenda. Akaikhudza gitala pang'ono, bwinobwino. Akangoti aimenye, mawu ankang'ambika ngati chitenje chakutha, trrrr. Masabata awiri m'nyumba muno sitinapume. Anayamba kukayikira sipika, anapeza pobooka, anamata ndi guluu ndi kansalu kanga. Ayi ndithu. Anasintha chingwe cha gitala. Ayi ndithu. Kenako anasema kansungwi n'kumagogoda timabotolo tija kamodzikamodzi, dzanja linalo atalibisa kumsana. Akuti bokosilo limaluma ngakhale utalizimitsa, ukaligwira ndi manja awiri wapita. Kamodzi kanalira ngiii ngati tambula yagalasi. Anakasintha, kung'ambika kunatha.

Panatsala kulira ngati kwa njuchi. Mmmmm, osaleka. Akagwira nsambo, njuchi zachepa. Akasiya, zabwerera.

Ine ndinkawaseka. "Bambo a Dulce, kuukwatiko mukangogawa uchi, nyimbo zakanika."

"Seka iwe. Loweruka uvina mpaka duku ligwe."

Dzulo anapita kwa a Sidónio, mdala uja wokonza mawailesi kumsika. Mdalayo anati bokosi likufuna tera, ndiye kuti lilumikizane ndi nthaka. Anati khoma chitsulo pansi, pamalo onyowa, uthirepo madzi amchere, umange waya kuchoka ku bokosi mpaka pachitsulopo. Njuchi zonse zitsikira m'dothi.

Lero masana ine ndinali kuchigayo. Pobwera ndinangoona waya watulukira pawindo la kuseri. Anandipempha mchere. Ndinawapatsa ndine, dzanja lodzaza. Sindinafunse kuti wayayo akuthera pati. Mana, sindinafunse.

Titadya madzulo anayatsa. Timabotolo tinafiira. Zii. Njuchi palibe. Anakhudza nsambo imodzi, mawu anatuluka oyera ngati madzi otsika m'phiri la Tumbine. Anaseka ngati mwana, anandinyamula ine ndi mbale zomwe. Dulce anawomba m'manja mpaka tulo tinamugwetsa pamphasa. Gelson ndinamugoneka pambali pake. Iye wayamba kukwawa mwezi uno, paja simunamuone.

Atasiya kuimba m'pamene tinamva.

Bu-bu, bu-bu, bu-bu. Pansipansi, mofulumira, kuchokera mu sipika.

"Aa, yayamba ina," anatero bambo a Dulce. "Koma iyi ndikuidziwa. Mdala anandiuza. Likamalira ngati mota ili kutali, ndiye kuti kachitini kosunga moto katopa."

Anali nako kena. Anazimitsa, anachotsa moto wotsalira, anawotcherera katsopano. Nyumba yonse utsi wa mtovu, mpaka ndinatsegula chitseko cha kuseri pang'ono. Anayatsa. Bu-bu, bu-bu. Anazula gitala. Bu-bu, bu-bu. Anatsitsa mawu mpaka pothera. Osasintha.

Ine ndinali nditaima ndi chikho m'manja. Kulira kumeneko ndinkakudziwa. Si mota ayi. Ndi kuja anamwino amakumvetsa kusikelo, akakupaka zoziziritsa pamimba n'kuikapo kamakina. Mtima wa mwana. Umathamanga choncho.

Pamenepo magetsi anathima, mwa masiku onse, dera lonse. Timabotolo tinazilala tikuona. Mdima bii.

"Lisiya pompano," anatero. "Likungomaliza moto wotsala."

Anawerenga mpaka khumi. Anafika makumi atatu. Analeka kuwerenga.

Bu-bu, bu-bu, bu-bu.

Anayatsa tochi ya foni. Anazula pulagi kukhoma n'kundionetsa ili m'manja mwawo, ngati kuti ine ndikuwatsutsa. Panatsala waya mmodzi yekha, wa tera uja. Anam'masula. Zii. Anam'gunditsa. Bu-bu, bu-bu. Anam'chotsa. Zii. Anachita katatu.

Ndinafunsa. "Chitsulocho mwakhoma pati?"

"Kuseri, pa nthochi. M'pamene pali chinyontho. Sindinavutike n'komwe, ndinangomenya kawiri, chinalowa chokha."



Mana, inu munangomva kuti mimba ija inachoka, ija ya pakati pa Dulce ndi Gelson. Sinangochoka. Inali ya miyezi isanu ndi itatu. Anabadwira muno, usiku wa chimvula chija chinakokolola mlatho wathu wamitengo. Sanalire. Mtayo. Mwambo wake mukuudziwa: amayi okhaokha, dzenje losazama, maliro osalira, mwamuna osauzidwa malo. Kumanda kunali kosawolokeka, mtsinje utadzaza. Azakhali a Guilhermina ndi anzawo awiri anakumba pa nthochi m'bandakucha. Inenso sindinayenera kudziwa, koma ndinamva khasu. Atamaliza azakhali analowa, anandigwira chibwano, anati, "Usadzalire, usadzatchule, usadzapondepo. Ukamam'kumbuka adzaitana womutsatira."

Womutsatira ndi Gelson.

Zaka ziwiri ndi miyezi sindinadyeko nthochi ya pamenepo. Ndimanama kuti zimandipweteka m'mimba. Popita kudzala ndimazungulira.

Mawu a azakhali atangondibwerera ndinalanda foni n'kuwalitsa pamphasa. Dulce yekha. Nsalu ya Gelson ili pomwepo, yofundabe. Chitseko chija ndinatsegula ndine chili yasa.

Sindinakuwe. Ndinatsata waya ndilibe nsapato. Kunja kunali kamwezi kochepa. Masamba a nthochi ali duu, ngakhale kamphepo. Achule onse a m'dambo ali chete, ndipo mukudziwa mmene amasokosera mwezi uno.

Anali pamenepo. Atakhala tsonga, yekha, mumdima, mwana amene amalira ukangotembenuka kuti utunge madzi. Kadzanja kali pachitsulo. Mutu waupendeketsa, ngati mmene amachitira akamamvera gitala. Ndipo ankaseka, mana. Kuseka kuja amasekera Dulce akamam'bisalira kuseri kwa chitenje. Ankaseka ndi winawake.

Ndinapondapo. Paja anandiletsa paja. Dothi linali lofunda ngati pamphasa pamene wangodzukapo munthu. Ndinam'nyamula. Sanakane. Anangotambasula dzanja kuloza pansi n'kumati "ta, ta," mmene amachitira akafuna kukugawira mbatata yake.

Bambo a Dulce anali kumbuyo kwanga. "Mayi a Dulce, pali chiyani apa?"

Ndinawauza. Mwamuna sauzidwa, koma ndinawauza zonse, mvula, khasu, chibwano changa. Anayang'ana chitsulo chawo. Kenako ananjuta pansi.

"Anali mwana wanji?"

"Wamwamuna. Chinawapulumuka pakamwa azakhali tsiku lina."

"Ndiye ndamuthira mchere mwana wanga."

"Simunadziwe."

"Ndizule?"

"Musakhudze. Si pa amuna apa. Adzazula okha azakhali m'mawa."

Tinalowa. Ine ndinkafuna waya uja aponyedwe kunja pompo. Iwo anandigwira mkono. "Kanthawi kochepa, mayi. Chibadwireni sindinam'patsepo kanthu."

Ndikanakana. Koma inenso ndinkafuna kum'mvanso, sindikunamizani. Tsiku lija sanandipatse ndi kum'gwira komwe.

Analumikiza waya. Bu-bu, bu-bu. Analumikiza gitala. Magetsi palibe, pulagi ili pansi pafupi ndi phazi langa. Anayamba kanyimbo kaja anapeka okha kogonetsera Dulce ali khanda.

Mana, bokosi linayankha.

Mawu anatuluka mu sipika, timabotolo tili takuda. Osang'ambika, opanda njuchi. Sindinamvepo gitala ikulira choncho, ngakhale pa Pasaka tchalitchi litadzaza. Sanali mawu okwera ayi, koma anadzaza nyumba mpaka kumalata, pansi ponse pankanjenjemera pang'ono kumapazi. Thupi lonse linachita tsemwe. Mantha anachoka. Ndinangomva ngati tili anthu ambiri m'chipinda, ngati usiku wa Khirisimasi aliyense atabwera. Mkaka unayamba kutuluka mabere onse awiri. Kuno Gelson akuyamwa, uku kukungodontha mpaka chitenje kunyowa. Bambo a Dulce misozi ili chuchuchu, zala zikuyendabe pa nsambo.

Ndipo kugunda kuja kunayamba kutsika. Bu-bu. Bu-bu. Ngati mwana akamalemera kumsana tulo tikam'gwira. Mumtima ndinati, akugona, wamva bambo ake, akugona.

Kenako Gelson anasiya bere.

Mutu unagwera chagada pamkono panga. Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Bokosi likati bu, pansi pa dzanja langa bu. Bokosi likadikira, nayenso adikira. Limodzi. Ndipo kudikirako kunkatalika. Bu. Ndiye zii. Ndiye zii. Bu.

Akugona onse awiri, mana. Tulo timodzi.

Ndinadumpha, ndinagwira waya uja n'kumukoka ndi mphamvu zonse, mpaka bokosi linatsetsereka patebulo, kabotolo kamodzi kanagwa phwaa. Nyimbo inaduka pakati. Gelson anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kulira. Kulira kwenikweni, kwaukali, mpaka Dulce anadzuka n'kuyamba naye. Sindinamvepo chinthu chokoma ngati chimenecho.

Waya ndinam'kankhira kunja pawindo. Ndisanatseke ndinaika pakamwa pampata, ndinalankhula naye koyamba. Ndinati, "Gona wekha, mwanangu. Nyimbo wamva. Mng'ono wakoyu sabwera, ndi wanga."

Ndinatseka. Achule anayamba onse nthawi imodzi.

Bambo a Dulce sanandikalipire za kabotolo, ngakhale alibe kena kosinthira ndipo ukwati ndi Loweruka. Anangotola magalasi kuti ana asaponde. Bokosi analiphimba ndi bulangeti lawo, anakonza m'mbali bwinobwino, mmene timam'fundikira mwana.

Mana, akangotsegula pamalire m'mawa mubwere. Sindingathe kupita ndekha kwa azakhali. Ndapondapo, ndatchula, ndamuuza mwamuna, ndipo panopa ndikulira, zonse zimene anandiletsa. Sindikudziwa kuti akanena chiyani. Mukandigwire dzanja basi.

Chitseko cha kuseri ndakhoma, ndatsamiritsapo mtondo. Cha kumaso ndakhoma, bambo a Dulce akhala pansi atachitsamira, gitala ili pamiyendo. Gelson ali pachifuwa panga, mtima wake ukuthamanga wokha, ndikuumva. Dulce wagonanso atandigwira chala cha kuphazi.

Ndawerenga katatu. Ine, bambo ake, Dulce, Gelson. Tilipo anayi.

Ndikamawerenga, bambo a Dulce akumapinda zala mumdimamo, akuganiza kuti sindikuwaona. Ine ndikalekeza pa anayi, iwo akumapindanso chachisanu.