Chinyezi cha m'Munda mwa a Lyton

A Lyton a ku Domasi anali ndi munda wouma ngati bwalo la mpira, ndipo maso awo sankachoka pa nkhokwe za anzawo. Atamva kuti kukubwera kampani yofuna alimi osunga chinyezi m'nthaka, kuti iziwapatsa mbewu n'kumawagula zokolola, sanapite kukaphunzira. Zophimbira nthaka ndi mapesi ankati n'kudyetsa chiswe. Anakwera minibasi pa Songani, ulendo kwa sing'anga.

"Ndikufuna munda wanga uzibiriwira ngakhale mvula idule."

"Zotheka, bambo," anatero sing'angayo akusenda chinangwa. "Koma ine mvula sindipanga. Madzi ndimangowasamutsa."

"Kuchokera kuti?"

"Kunyumba kwanu. Mulipo angati?"

"Anayi."

"Akwana."

A Lyton, munthu wonenerera tomato mpaka wogulitsa kutukwana, apa sananenerere. Anakakwirira pakati pa munda nsupa imene sing'angayo anawapatsa, n'kuyala mapesi pamwamba kuti anamize alendo a kampani.

Ng'amba ya mu Januwale itafika, chimanga cha anthu chinafota, chawo chili biriwiri. A kampani anajambula zithunzi, n'kuwatcha mlimi wachitsanzo. Iwo anavala jekete, n'kumaphunzitsa mudzi wonse za mapesi zomwe mumtima ankaziseka.

Kunyumba chitsime chinaphwa. Kenako mkaka wa akazi awo, a Anastasia, unauma, ndipo khanda linayamba kulira popanda misozi.

"Bambo a Jessica, mwanayu akumwa madzi koma sakukodza," anatero a Anastasia.

"Pitani naye kuchipatala. Ine ndili ndi alendo."

Alendowo anapempha kuti chaka chamawa munda ukule. A Lyton anavomera alendowo asanamalize n'kufunsa komwe. Khanda linamwalira chimanga chikumasula. A Anastasia anatenga mwana wotsalayo, Jessica, n'kubwerera kwawo ku Naisi. Panyumba panatsala munthu mmodzi woti munda uzimwa.

Lero mukawapeza pa mtsinje wa Domasi, atagona chafufumimba, akumwa ngati ng'ombe, milomo ili ming'aluming'alu. Ludzu silitha. Galimoto ya kampani imawadutsa pomwepo popita kwa alimi anzawo, a Jeremiya ndi ena, amene anatengera zophimbira zija ndi mtima wonse. Mapesiwo ankagwiradi ntchito.

Dyera ndi chitsiru pamsika: limapereka mwana kugula chinthu chimene anzake akungotola m'munda.