Chumuni Atachigwetsa

Mayi wina, telala, adatseka shopu usiku, chifukwa mkwatibwi wina adaumirira kuti diresi ifinyidwe m'chiuno kachitatu. Anthu enawa! Mankhwala a mtima a bambo ake anali m'chikwama, nthawi yomwera itadutsa kale. Ndiye adati angodulira pa fakitale yansalu yakale.

M'tauni imeneyi ngakhale zidakwa zinkadziwa njira: chumuni cha fakitale chikhale kudzanja lamanja, ukafika kwanu. Koma chumunicho anali atachigwetsa Lachiwiri, patatha zaka makumi awiri chisakufuka utsi. Mayiyu miyendo idangomulowetsa mwachizolowezi.

Ali pakati pa bwalo adakweza maso. Nkhungu yokhayokha. Adacheuka. Geti silikuoneka. Foni yathima. Pansi zidutswa za njerwa. Adanyamula phazi...

"Ima!"

Nyali. Bambo wamfupi wa ovolosi, chipewa cholimba kumutu.

"Mwana wa yani iwe, woyenda kunja kwa mzere? Pano timayenda pamzere wachikasu. Ukufuna andichotse ntchito?"

Bamboyo adaunika pansi. Mzere unalipodi, wosuluka. Ndipo patsogolo pa chala cha mayiyu... dzenje! Pomwe padali chumuni, madzi akuda ali tho.

Mayiyu adamutsata pambuyo. Nsapato zake zikulira pa njerwa. Za bamboyo... zii! Dzanja logwira nyali linali ndi zala zitatu.

Pageti lakuseri bamboyo adaima.

"Ine ndilekeza pano. Shifiti sinathe."

Mayiyu adati athokoze. Panalibe munthu!

Adathamanga osacheuka. Kunyumba adapeza bambo ake atakhala pabedi, akupuma mobanika. Adawamwetsa mankhwala, kenaka adafotokoza zonse.

"Zala zingati?" adafunsa mkuluyo.

"Zitatu, ababa."

Mkuluyo adagwedeza mutu.

"Amenewo ndi akapitawo athu, nthawi yomwe ndinkagwira ntchito pafakitalepo. Kukalipa ngati mavu, koma mtima wabwino. Ziwiri zinazo adazisiya m'makina tsiku lomwe lamba adandikola malaya, iwo n'kundisolola. Tidawaika m'manda iwe uli kumbuyo kwa amayi ako."

Mayiyu adangoti khwethe pansi, misozi ili mbwembwembwe. Mantha anali atatha, patatsala kuthokoza kokha.

Mkuluyo adatola ndodo, nadzikoka mpaka pazenera, n'kulitsegula.

"Zikomo akapitawo," adatero. "Mpaka mwana wanga yemwe."